Mmene mungapangire kuti anthu asathawe sewero lanu lamagawo ngati mmene anathawira Generations

Anzanga amene mukupanga masewero amagawo kuno ku Mchinji, kaya ndi apawayilesi kaya mukujambula ndi foni nkumaponya pa YouTube ndi Facebook, pali nkhani yomwe imandiwawa kwambiri. Sewero limayamba bwinobwino anthu nkumalikamba pamsika pa Kamwendo, mminibasi ya ku Lilongwe, ana nkumayitanana mayina a anthu a mseweromo, koma pofika gawo 30 mwatsala nokha ndi achibale anu. Zimenezi zinawagwerapo ngakhale a Generations omwe anali ndi makamera odula komanso ndalama zawo, nde tiyeni tione pomwe anapunthwa iwowo kuti inu mudutse pambali.

Kwa amene munali ana nthawi imeneyo, Generations inayamba 1994 pa kanema wa SABC ku South Africa, mwini wake Mfundi Vundla. Inafika pomaoneka Lolemba mpaka Lachisanu 8 koloko usiku ndipo kwawoko inkaoneredwa ndi anthu pafupifupi 7 miliyoni, osawerengera ife amene tinkaunjikana pakhomo pa aphunzitsi kapena a heofu amene anali ndi dishi. Karabo, Tau, Queen, Sibusiso Dlomo, Kenneth Mashaba, anthuwa tinkawadziwa ngati a mmudzi mwathu momwemuno.

Nde yambani ndi nkhani ya ndalama musanagwire nkomwe kamera. Ndikudziwa kuti pakati pathu nkhani ya ndalama timaichita manyazi, timati tiyambe kaye zinazo tiona kutsogolo, koma kutsogoloko nkomwe kumaphedwa magulu. Mu August 2014 osewera 16 a Generations ananyanyala ntchito, ankafuna awakwezere malipiro, awapatse makontirakiti azaka zitatu, komanso azilandirako kenakake sewero likamaonetsedwanso kapena likagulitsidwa kumayiko ena. Anachotsedwa ntchito onsewo, Menzi Ngubane (Sibusiso Dlomo) ndi Sophie Ndaba (Queen) ali momwemo. Sewero linazimiririka pakutha pa September, nkudzabwera pa 1 December ndi dzina loti Generations: The Legacy, nkhani yake italumpha zaka 20 kutsogolo. Woonera anatsegula TV nkupeza nyumba ndi yomweyo koma okhalamo ndi alendo. Connie Ferguson anabwerera ngati Karabo kuti anthu akhale ndi nkhope yogwirapo, koma 2016 nayenso anatuluka kukapanga sewero lina lotchedwa The Queen.

Inu mulibe mamiliyoni koma mkangano wake ndi womwewo. Bungwe likapereka alawansi, wagolosale akalipira kuti mumutchule, mukapanga shoo yolipitsa pakhomo, ndalama imeneyo igawidwa bwanji? Khalani pansi nonse, mulembe mukope kuti wolemba atenga zingati, wojambula zingati, osewera akuluakulu zingati, zotsala mthumba la gulu zingati, aliyense asayine ndipo kope lisunge msungichuma osati dayilekita. Mulembenso kuti munthu akafuna kusiya anene magawo angati asanachoke. Ine ndimati magawo asanu ndi abwino, amakupatsani mpata womutulutsa mwaulemu munkhani.

Chifukwa kuchoka achoka ndithu. Kuno mnyamata lero ali nanu mawa wakwera basi ya ku Joni, mtsikana wasankhidwa kukoleji kapena wakwatiwa ku Chipata, wina wapita kukagwira ntchito kuesiteti. Musamange sewero lonse pamsana pa munthu mmodzi olo akhale woseketsa chotani. Mukaona kuti anthu akonda kwambiri munthu wina, muikireni pambali pake mng'ono wake, mlamu wake kapena mnzake wapabawo, ayende limodzi magawo khumi anthu amuzolowere. Tsiku lomwe wamkuluyo akuchoka, oonera akhale ndi wina woti amugwire dzanja. A Generations analibe mpata umenewu chifukwa anthu 16 anatuluka pakamodzi.

Kenako musasowe. Miyezi iwiri yomwe Generations inali kulibe ija, pa nthawi ya 8 koloko anaikapo sewero lina lotchedwa Skeem Saam, anthu analawa nkuikonda. Mu February 2015 kunabwera Uzalo pa SABC1 yomweyo ndipo sipanatenge nthawi inalanda mpando wa sewero loonedwa kwambiri mdzikomo. Sewero lamagawo lili ngati mayi wogulitsa mandasi pasiteji, anthu amagula chifukwa akudziwa kuti mmawa ulionse alipo pamalo pomwepo, akajomba sabata imodzi amapeza makasitomala azolowera kwa wina. Nde musatulutse gawo loyamba muli ndi gawo limodzi lokha mmanja. Jambulani magawo 8 kapena 10 akhale chire, kuti likagwa vuto la maliro, matenda, laputopu yafa kaya magetsi avuta sabata yonse, anthu asadziwe nkomwe kuti kukhitchini kwayaka moto. Mukati Lachisanu 6 koloko madzulo likhale Lachisanu 6 koloko madzulo. Isidingo ija ya Barker Haines ndi Cherel, yomwe inayamba 1998 pa SABC3, anaisunthapo nthawi yake yoonekera ndipo mu March 2020 inatsekedwa, eni kanema akunena kuti oonera achepa ndipo ndalama za otsatsa malonda sizikubweza zomwe akulowetsa.

Dziwaninso kalendala ya kwanu. Kuyambira December mpaka February anthu ali kumunda, akubwera atatopa, ndalama yonse yapita ku feteleza ndipo ya bandulo palibe. Imeneyo si nthawi yoti muulule chinsinsi chachikulu chomwe mwakhala mukuchisunga. Zikuluzikulu zisungireni miyezi yomwe soya ndi mtedza zagulitsidwa, fodya wapita ku okushoni, anthu ali ndi kangachepe mthumba ndipo madzulo akukhala pabwalo.

Tsopano za nkhani yeniyeniyo, apa nditalikitsapo chifukwa ndi pomwe ambiri timalakwa. Ine ndimaona kuti Uzalo sinapambane chifukwa cha mkangano wa ku Generations wokha ayi. Generations inali ya anthu olemera a mmaofesi a zotsatsa malonda ku Johannesburg, masuti, magalasi a vinyo, kulandana makampani. Uzalo inapita ku KwaMashu, komboni ya ku Durban, mabanja awiri, lina lakutchalitchi lina la zauchigawenga, ana osinthanitsidwa kuchipatala, akuyankhula Chizulu chomwe anthu amayankhula panjira. Anthu anaona anthu ofanana nawo. Nde inuyo mukabwereka nyumba yamatailosi paboma nkumuveka mnyamata jekete kuti akhale bwana wa kampani yomwe palibe akuidziwa kuti imagulitsa chani, mukupikisana ndi Zee World ndi Telemundo pa chinthu chomwe iwo ali nacho chambiri kuposa inu. Chomwe iwo alibe ndi venda wobera pasikelo ya soya, mkamwini amene walima zaka 15 pamunda wa akuchikazi kenako banja latha, wakabaza wodutsa njira zachidule za mmalire, banki mkhonde yomwe msungichuma wake wadya ndalama, mkangano wa ufumu pakati pa mwana ndi mphwake wa malemu. Zimenezi munthu wa ku Mkanda, ku Kapiri kapena kwa Waliranji akaziona amakhala tsonga chifukwa akudziwa wina zinamuchitikira.

Ndipo oonerawo musawapusitse. Ku America kunali sewero lotchedwa Dallas, mu 1985 amene ankasewera ngati Bobby Ewing anasiya ntchito nde anamupha munkhani. Chaka chotsatira anamubweza, nkunena kuti imfa ija ndi zonse zomwe anthu anaonera sizoni yathunthu anali maloto a mkazi wake wakale. Mpaka lero anthu amakambabe ngati chitsanzo cha kunyoza oonera. Kwathu kuno njira yachidule yotere ndi ufiti ndi mizimu, wolemba akathedwa nzeru basi munthu wadzuka kumanda kapena sing'anga wathetsa zonse mu gawo limodzi. Sindikuti zamatsenga zisakhalemo, koma ngati mwapha munthu ndipo anthu analira naye maliro, mulekeni agone. Mukamudzutsa, imfa iliyonse yotsatira palibe adzaikhulupirire, ndipo munthu amene wasiya kuopa kuti wina afa kapena banja litha alibenso chifukwa chodikirira Lachisanu.

Gulani kope lina la hadikava likhale la mbiri ya anthu a museweromo. Mulembemo aliyense mfunda wake, kaya ndi Phiri kaya Banda kaya Jere, ana ake angati, atsibweni ake ndani, amapemphera kuti, ali ndi ngongole kwa ndani, akudziwa chinsinsi chiti ndipo anachidziwa gawo liti. Oonera amakumbukira kuposa wolemba. Mukanena gawo 3 kuti bamboyu ali pachikamwini kenako gawo 20 akuthamangitsa mkazi pamudzi ngati malo ndi ake popanda kufotokoza, amayi oonera aona pompo ndipo ayamba kukuonani ngati ana osadziwa mwambo. Chimodzimodzi khalidwe. Munthu wouma mtima asasanduke mngelo usiku umodzi chifukwa choti mukufuna ukwati uchitike, ngati asinthe tione chomwe chamusintha, pang'onopang'ono.

Vuto lina la masewero okhalitsa ndi kubwereza. Chibwenzi chamseri, mimba yosadziwika mwini, kulandana chuma, zikatha ayambiranso zomwezo ndi mayina ena, mpaka woonera amayamba kunena zomwe zichitike zisanachitike. Mankhwala ake, muziyendetsa nkhani zitatu nthawi imodzi. Imodzi yaitali ya sizoni yonse, ina yapakati, ndi kena kakafupi koti kathe mmagawo anayi kapena asanu. Kakafupiko kakatha katheretu, wakuba agwidwe, ngongole ibwezedwe, anthu apume kuti eya chilungamo chaoneka. Munthu sungamangomulonjeza mpaka kalekale osamupatsa kanthu.

Za mabungwe. Ambiri a ife ndalama yoyamba imachokera ku pulojekiti yofuna uthenga wa zaumoyo, maukwati a ana kapena kusamala mitengo, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Zimachitika ya Story Workshop ndi Tikuferanji zinanyamula mauthenga olemera zaka zambiri, koma funsani munthu aliyense za Tikuferanji akuuzani za Manganya, munthu amene ankamuseka ndi kumukwiyira, uthengawo unkalowa kudzera mwa iyeyo. Nde sponsa akakupatsani mfundo zisanu, musaziike zonse mkamwa mwa nesi ataima ngati akuwerenga positala. Kambiranani naye kuti gawo limodzi mfundo imodzi, ndipo ichitikire munthu amene oonera amamukonda, pakhale chomwe ataye akapanda kumva. Sponsa wanzeru avomera chifukwa nayenso akufuna anthu aonere mpaka kumapeto.

Pali chinanso chomwe sichikhudza nkhani konse. Ambiri kuno Generations sitinaisiye chifukwa chotopa nayo. Tinkaonera ulere pa madikoda aja a Philibao ndi Wiztech, nde mu 2013 kampani ya Sentech inatseka siginolo ya SABC kwa oonera akunja kwa South Africa, sikirini nkungoti bii. Anthu anasamukira kwina, ena ku mafilimu a ku Nigeria, ena ku masizoni omasuliridwa mChichewa a mmavidiyo sho, kenako foni zinabwera nkutenga aliyense payekhapayekha. Sewero likhoza kukhala labwino koma ngati njira yofikira kwa anthu yatsekeka, latha. Choncho musadalire khomo limodzi. Ikani pa YouTube inde, koma pangani kafayilo kena kopepuka kotha kuyenda pa WhatsApp, kapatseni anyamata obena nyimbo pa tauni aziikira anthu mmamemori khadi, ndipo kalankhuleni ndi a Mudziwathu kapena wayilesi ina yomwe imamveka kwanuko ngati angaulutse mawu okha. Gawo likhale la mphindi 10 mpaka 15, munthu wa bandulo yatsiku athe kulimaliza. Ndipo ngati ndalama ilipo yogulira chinthu chimodzi chokha, gulani maiki. Chithunzi chosaoneka bwino anthu amapirira, koma mawu omveka mphepo ndi tambala wa aneba amatseka pompo.

Kuti mudziwe ngati anthu ayamba kuthawa musadalire ma like a anzanu. Mu YouTube Studio muli mzere woonetsa mphindi yomwe anthu ambiri amasiyira kuonera, muziuyang'ana gawo lililonse nkubwerera kukaona kuti pamphindi imeneyo pamachitika chani, nthawi zambiri mupeza ndi pomwe anthu awiri akhala pampando nkumangofotokozerana zomwe taona kale. Mufunseni wavidiyo sho ngati ana akumapempha gawo latsopano okha kapena mpaka iye awaikire. Mukapita kuchigayo kapena pamjigo funsani amayi kuti museweromu mukudana ndi ndani, akatchula dzina mwachangu nkuyamba kumutukwana ndekuti zili bwino, akayamba kuganiza kaye bwererani ku kope lija mukaone amene wazilala.

Musanajambule gawo loyamba gwirizanani kuti sizoniyi ithera gawo liti, kaya 24 kaya 30, ndipo wolemba alembe gawo lomalizalo poyambirira penipeni nkulisunga. Mukafika pamenepo tsekani nkhani zonse zikuluzikulu, lengezani tsiku lenileni lomwe mubwerere, gawanani ndalama monga munalembera mukope, kenako mufunsane mmodzimmodzi amene akhalepo sizoni yachiwiri musanayambe kuilemba.