Kukwera mapiri ozungulira Harare m'nyengo yozizira

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndiyo nthawi imene ndimalimbikitsa magulu a achinyamata, a kwaya ndi a mabungwe a maliro athu a ku Mbare, Mabvuku ndi Dzivarasekwa kuti atuluke mumzinda akaponde thanthwe. Mvula imakhala italeka, miyala yauma, udzudzu wachepa, ndipo mphezi, imene imaopsa kwambiri pamwamba pa phiri, kulibe. Koma nyengo imeneyi ili ndi msampha wake. Tsiku limodzi limakhala ndi nkhope ziwiri, ndipo limafupika.

Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. N'chifukwa chake mu Juni ndi Julayi m'bandakucha kumazizira mpaka madigiri 7 kapena kutsikirapo, m'madambo chisanu n'kuwaula masamba, koma dzuwa likafika paliwombo kumafunda mpaka madigiri 21. Pathanthwe lopanda mthunzi kumamveka kutentha kuposa pamenepo. Munthu amanyamuka kunyumba akunjenjemera, wavala chijekete chimodzi cholemera, madzi osatenga poti ludzu silikumveka. Ikamakwana 11 koloko jekete lija lasanduka katundu, kukhosi kwauma gwa.

Valani zopyapyala zingapo zosanjikiza, osati chimodzi chokhuthala. Malaya opepuka mkati, juzi pamwamba, kenako kajekete kotchinga mphepo. Mukayamba kutuluka thukuta vulani chimodzi, mukakhala pansi pamwamba pa phiri valaninso msanga, chifukwa thukuta likaumira pathupi mphepo ya kumeneko imalowa mpaka m'mafupa. Amayi musasiye chitenje. Chimakhala mpango m'mawa, mthunzi masana, mphasa pa nthawi ya chakudya, ndipo wina akabinya phazi chimamanga bwino lomwe. Chipewa n'chofunika ngakhale kukuzizira, dzuwa la kuno limawotcha khungu mwakachetechete.

Madzi, munthu wamkulu aliyense anyamule malita 2 akeake. Ndikuti akeake chifukwa chigubu chimodzi cha gulu lonse chimakhala ndi mnyamata amene wathamangira kutsogolo, ofooka ali kumbuyo. Imwani pang'onopang'ono musanamve ludzu. Kamba wa paulendo asakhale wovuta: mbatata yophika, mtedza wokazinga, malalanje amene ndi nyengo yake ino. Mowa udikire mukatsike.

Tsono nkhani ya nthawi, imene ine ndimaiona kuti ndiyo yaikulu. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5, ndipo chisisira cha kuno sichichedwa, mdima umangoti bii. Pokonza ulendo musawerenge kuyambira pamene munyamuke, werengani chobwerera m'mbuyo kuyambira pamene dzuwa lilowe. Ikamakwana 3 koloko gulu lonse likhale layamba kutsika, kaya lafika pamwamba kaya ayi.

Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Chaka china ndinatsogolera achinyamata a mpingo ku phiri la Ngomakurira. Tinapangana 7 koloko, koma wina kudikira mnzake, wina kukasiya mwana, kombi (minibasi) nayo kudikira kuti idzaze, tinayamba kukwera dzuwa litapendeka kale. Panali mayi wina amene anabwera atavala patapata. Pokwera sanadandaule, anatisiya ena kumbuyo akuimba. Potsika ndi pamene zinavuta: zala zimatsetserekera kutsogolo, lamba wa patapata anaduka, ndipo anatsika chokhala pansi, akudzikhwekhwereza pathanthwe, anyamata awiri atamugwira uku ndi uku, ife tikuunikira ndi mafoni amene moto wake unali kutha. “Abambo, mukanandiuza kuti kutsika ndiye ntchito,” anatero titafika pansi. Sanalakwe. Cholakwa chinali changa, chifukwa ndinaona patapata uja m'mawa koma ndinachita manyazi kunena.

Nsapato ikhale yomanga zingwe, yokhala ndi labala wogwira kunsi, ndipo ikhale yoti munaivalapo kale. Yatsopano imatulutsa matuza. Potsika pondani phazi lonse, mawondo opinda pang'ono, mukuyenda mokhotakhota osati molunjika. Pamene pali mzere wakuda wa madzi otsika pathanthwe, lambalalani, pamakhala ndere yoterera ngakhale m'chilimwe.

Amene simunakwerepo phiri musayambire pa lalikulu. Nkhalango yosungira nyama ya Mukuvisi Woodlands ili mumzinda momwemuno, njira zake n'zosalala, ndipo ana amaona mbidzi ndi nyamalikiti. Agogo ndi amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena shuga ayesere kaye pamenepo, atafunsa kuchipatala, mankhwala ali m'thumba. Miyala yosanjikizana ya ku Epworth, ija inajambulidwa pa ndalama za dziko lino, nayo ndi ulendo wopepuka. Mukazolowera pitani ku Domboshava, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kudzera msewu wa Borrowdale. Ndi chithanthwe chimodzi chachikulu chokwera pang'onopang'ono, ndipo dzina lake m'Chishona limanena za mwala wofiirira. Ngomakurira ali patsogolo pake, ndi wotsetsereka kwambiri. Dzinalo Mchewa safuna womasulira, ng'oma zikulira basi.

Malo awiriwa ali ndi zithunzi zamakedzana zojambulidwa m'mapanga ndi m'mbali mwa matanthwe, ndipo amayang'aniridwa ndi a bungwe losunga zinthu zakale la National Museums and Monuments of Zimbabwe. Pachipata pamakhala malipiro, choncho funsani mtengo wake musananyamuke. Zithunzizo musazigwire, musazithire madzi kuti zioneke bwino pafoni, musalembe dzina lanu pambali. Mu 1998 phanga la ku Domboshava linapakidwa penti ndi anthu owononga, ndipo ntchito yochotsa pentiyo inali yowawa. Kumbukiraninso kuti eni dera amawalemekeza mapiri amenewa. Ife amene timadziwa kuti kudambwe sikulowedwa mwachisawawa sitiyenera kuchita kuuzidwa kawiri. Akakuuzani kuti uko sikupitidwa, bwererani.

Ena amati m'nyengo yozizira njoka kulibe. Zimachepa kuyenda, inde, koma mphiri imakonda kuothera dzuwa m'njira ndipo sithawa ikamva mapazi. Yang'anani popondapo, dzanja musalowetse m'ming'alu ya miyala. Wina akalumidwa musacheke bala, musayamwe, musamange chothina. Mugonekeni, chiwalocho chisagwedezeke, mupite naye kuchipatala msanga. M'udzu wouma mumakhala tinkhupakupa tating'ono ngati tsabola wopera, ndiye lowetsani buluku m'sokosi ndipo mukafika kunyumba dzifufuzeni m'khwapa ndi kuseri kwa mawondo. Chitedze mumachidziwa kale, chenjezani ana obadwira m'tauni amene sanachionepo. Anyani musawapatse chakudya.

Kumapeto kwa Julayi udzu umakhala utauma gwa, mphepo ya Ogasiti nayo yayandikira, ndipo m'nyengo yotere a bungwe loteteza chilengedwe la Environmental Management Agency amaletsa kuyatsa moto m'tchire. Chotsalira cha ndudu chimodzi chimatha kupsereza phiri lonse ndi minda ya tomato ya m'munsi mwake. Okonda kusaka mbewa ndi moto, ndikunena inu. Mukaona utsi ukubwera musathawire kumtunda, moto umakwera phiri mofulumira kuposa munthu. Pitani pathanthwe loyera lopanda udzu kapena pamene papsa kale.

Masiku ena kumacha ndi mitambo yotsika ndi kamvula kowaza kochokera kum'mwera chakum'mawa, kamene kuno amati guti, m'bale wake wa chiperoni cha ku Mulanje ndi Thyolo. Tsiku lotero ulendo wa pathanthwe usinthidwe, mwala wonyowa ndi sopo. Chifunga chotere n'chimene chimaopsa pa Nyangani, phiri lalitali kuposa onse m'Zimbabwe, la mamita 2,592, kumene anthu anasowapo osapezekanso. Limenelo musalikwere musanadziwitse a ofesi ya paki, ndipo mutenge munthu wodziwa njira.

Musanatuluke pakhomo uzani wina wotsala kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Pagulu, woyenda pang'onopang'ono akhale kutsogolo, munthu wamkulu wamphamvu atseke kumbuyo, ndipo muwerengane pokwera ndi potsika. Kumapeto kwa Ogasiti mitengo ya msasa, yofanana ndi mombo wakwathu, imaphuka masamba ofiira, ndipo mukafuna kuiona bwino kuchokera pamwamba, panganani ndi woyendetsa kombi dzulo lake kuti adzakutengeni 6 koloko m'mawa.