Momwe mungasewerere Three Card Poker pa kasino

Three Card Poker ndi njuga ya makadi atatu imene Derek Webb wa ku Britain anayambitsa mu 1994. Anzanu apatebulo musawaganizire, amene mukulimbana naye ndi wogawa makadi yekha.

Choyamba, ikani ndalama pamalo olembedwa Ante. Wogawa adzakupatsani makadi atatu, nayenso n'kutenga atatu ovundikira.

Chachiwiri, onani makadi anu mudziwe mphamvu yake. Apa ndi pamene ozolowera poker wamba amapunthwa. Pamwamba pali atatu otsatizana a mtundu umodzi ngati 5-6-7 onse a hearts, kenaka atatu ofanana ngati 9-9-9, kenaka otsatizana a mitundu yosakaniza ngati 5-6-7. Atatu a mtundu umodzi osatsatizana amabwera pambuyo pake, kenaka awiri ofanana, pomaliza khadi lalikulu. Otsatizana amaposa a mtundu umodzi chifukwa ndi ovuta kupeza: mwa njira 22,100 zotolera makadi atatu pa 52, otsatizana amatuluka m'njira 720, pomwe a mtundu umodzi ndi 1,096.

Chachitatu, sankhani. Mukhoza kutaya makadi, Ante n'kupita, kapena kuika pa Play ndalama yofanana ndi ya Ante. Ichi ndicho chokhacho chili m'manja mwanu pa masewera onsewa, ndiye musachiyendere mphuma. Muli ndi Queen, 6 ndi 4 kapena kuposa apo, pitirizani. Zikachepera, tayani, ngakhale mtima ukukakamizeni bwanji.

Chachinayi, wogawa amavundukula ake. Ngati makadi ake sakufika pa Queen, amakulipirani Ante yokha, K1,000 pa K1,000, ya Play n'kukubwezerani. Akafikapo inu n'kumuposa, mwadya konse kuwiri. Akakuposani, zonse zapita. Mukafanana, ndalama zanu zimabwerera. Wokhala ndi otsatizana kapena kuposa apo amalandiranso bonasi ya Ante ngakhale wogawa atamuposa.

Palinso malo ena olembedwa Pair Plus, obetcha makadi asanagawidwe kuti mupeza awiri ofanana kapena kuposa, ndipo makadi a wogawa sawerengedwa. Amakopa zedi chifukwa otsatizana a mtundu umodzi amalipira 40 pa 1 m'matebulo ambiri. Koma werengani kaye zolembedwa patebulopo. Pamene a mtundu umodzi amalipira 4 pa 1, otsatizana 6 ndipo atatu ofanana 30, kasino imadya pafupifupi K2.30 pa K100 iliyonse. Akangotsitsa 4 uja kukhala 3, imadya kupitirira K7. Tebulo lotero ine ndikuti Pair Plus musaikhudze, khalani pa Ante, pomwe wotsata lamulo la Queen, 6 ndi 4 amaluza pafupifupi K3.40 pa K100 m'kupita kwa nthawi.