Anapiye ndi nyerere pakhomo: chitani izi

Mwafunsa zoti muchite nyerere zikamalowa m'khola la anapiye. Yambani ndi khola lenilenilo. Likhale pamwamba, la miyendo inayi, ndipo mwendo uliwonse muulowetse m'kachitini ka madzi kapena ka oyilo wakutha ntchito. Nyerere siziwoloka pamenepo, bola udzu kapena chingwe chisakhudze khola, chifukwa zimapeza njira ina msangamsanga.

Kenako chakudya. Chimene chimaitana nyerere ndi zotayikira pansi, choncho muzisesa madzulo aliwonse, ndipo utuchi ukanyowa muusinthe.

Tsatirani mzere wa nyerere mpaka pa una wake, muthirepo madzi owira. Kuzungulira khola wazani phulusa louma; mvula ikagwa lathera pomwepo, wazaninso. Choopsa kwambiri ndi linthumbu. Limabwera usiku ndipo lingathe kupha anapiye onse, ndiye mukaliona samutsani kaye anapiye, kulimbana nalo pambuyo.

Mankhwala a ufa opha nyerere musawaze pomwe anapiye amatolatola, iwo amajompha chilichonse.

Musaiwalenso kutentha: sabata yoyamba pafupifupi madigiri 33, kenako muzichepetsa pang'ono sabata iliyonse mpaka nthenga zitakwana. Akaunjikana pansi pa nyale ndiye kuti akumva kuzizira. Katemera wa chitopa alandire akadali aang'ono.