Windows 11 ikayamba kuvuta

Musanaike Windows 11, yesani kompyuta yanu ndi pulogalamu ya PC Health Check. Pamafunika TPM 2.0 (kachipangizo kachitetezo ka m'kompyuta), malo osungira mafayilo a 64 GB ndi RAM (memori imene kompyuta imagwirira ntchito) yosachepera 4 GB, ngakhale pa 4 GB kompyuta imachita kukwawa.

Pulinta ikasiya kusindikiza, kawirikawiri vuto ndi driver yakale, kapulogalamu kolumikizitsa pulinta ndi kompyuta. Chotsani driver yakaleyo, mutenge yatsopano patsamba la kampani imene inapanga pulintayo. Pulogalamu yakale ikakana kutseguka, idineni ndi batani lakumanja la mbewa, mulowe mu Properties, kenako Compatibility, musankhe Windows 8.

Zikakanika, bwererani ku Windows 10 kudzera mu Settings, System, Recovery, Go back. Mwayi umenewu ndi wa masiku 10 okha kuchokera pamene mwaika Windows 11, ndipo mukafufuta foda ya Windows.old, imene imasunga Windows 10 yanu yakale, ndiye kuti watha. Kumbukiraninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.