Wotchi ya VM Ikamatsalira pa KVM

VM ndi kompyuta yongoyerekezera yoyenda mkati mwa kompyuta yeniyeni yotchedwa host, ndipo KVM ndi gawo la Linux loyendetsa ma VM. Ma Windows akale oyenda mu VM amadziwa nthawi powerenga ma tick (kugunda kwa wotchi) a RTC, wotchi ya mu kompyuta, ndipo host ikatanganidwa kwambiri, ma tick ena safika. Wotchi imangotsalira pang'onopang'ono. Kusiyana kukapitirira mphindi 5, Kerberos, njira yotsimikizira anthu olowa pa netiweki, imayamba kukaniza anthu kulowa, ndipo apa m'pamene ambiri amadzidzimukira.

Yambani ndi host yeniyeniyo, nthawi yake ikhale yolondola ndi chrony, pulogalamu yowongola wotchi. Mukalumpha apa, zinazo n'kungotaya mphamvu.

Kenako pa host lembani virsh edit ndi dzina la VM, kuti mutsegule makonzedwe ake mu libvirt, pulogalamu yoyang'anira ma VM. M'gawo la clock, timer ya rtc muipatse tickpolicy='catchup'. Apa QEMU, pulogalamu yoyerekezera zida za VM, imasunga chiwerengero cha ma tick ophonyedwa n'kumawabweza mofulumirirapo mpaka wotchi ifanane ndi ya host, osadumpha kamodzin'kamodzi. Ngati mukuyendetsa QEMU popanda libvirt, ndi -rtc driftfix=slew. Timer ina ya m'gawo la clock lomwelo, ya hpet, ine ndimaizimitsiratu ndi present='no'. Mukatero zimitsani VM yonse n'kuyatsanso, chifukwa reboot yamkati sitenga zosinthazi.

Ngati VM ili ndi Linux, onetsetsani kuti fayilo ya current_clocksource, yosonyeza wotchi yomwe ikugwiritsidwa ntchito, ikunena kvm-clock. Mu VM momwemo ndimakondanso kuyatsa module ya ptp_kvm n'kulemba refclock PHC /dev/ptp0 mu chrony.conf, kuti VM izitenga nthawi kwa host mwachindunji, osadalira intaneti.