Dzino likuwawa koma mulibe inshuwalansi: chitani izi ku Thyolo

Mwafunsa komwe mungapeze thandizo la mano popanda MASM kapena inshuwalansi ina. Yambirani kuchipatala cha boma. Tengani buku lanu la kuchipatala, mulawirire ku Thyolo District Hospital, mukafunse chipinda cha mano. Kupima ndi kuzula dzino n'kwaulere. Ngati muli kutali, yambani mwapita kuchipatala chaching'ono cha kwanuko kuti akulembereni kalata.

Kenako, musanavomere kuzulidwa, funsani ngati dzinolo lingamatidwe. Funso limeneli ambiri salifunsa, ndipo zimandimvetsa chisoni, chifukwa dzino la munthu wamkulu likachoka silimeranso. Akakuuzani kuti zomatira palibe, pemphani kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena pitani kuchipatala cha Malamulo ku Makwasa. Ku Malamulo n'kolipira, ndiye funsani mtengo asanayambe kukugwirani.

Podikira tsiku lopita, mwani panado ndipo muzichukucha m'kamwa ndi madzi ofunda othira mchere. Musaike aspirin pa nkhama, amawotcha. Koma tsaya likatupa, thupi n'kutentha, kapena mukamavutika kumeza, musagonetse, pitani tsiku lomwelo.