Katsitsidwe ka zithunzi za setilaiti kwaulere

Kuyambira 2008, bungwe la USGS ku America limapereka zithunzi za masetilaiti a Landsat kwaulere, ndipo a ku Ulaya nawonso salipiritsa za Sentinel-2. Ine ndimakonda Sentinel-2 chifukwa imajambula malo omwewo masiku 5 aliwonse.

Kuti mutsitse za Sentinel-2, lembetsani pa webusayiti ya Copernicus Data Space Ecosystem, zungulizani pa mapu malo omwe mukufuna, tinene Nyanja ya Chilwa, kenako sankhani masiku. M'dzinja mitambo imaphimba pansi, choncho funani zithunzi za mitambo yochepa. Mafailo ake ndi aakulu, bandulo ikhale yokwanira. Mukatsitsa, tsegulani mu QGIS, pulogalamu ya pakompyuta yoonera ndi kukonzera mapu.

Samalani apa: zithunzizi zimatsata njira yoyezera malo padziko yotchedwa WGS 84, pomwe mapu athu ambiri akale amatsata ina yotchedwa Arc 1950. Mukapanda kuuza QGIS zimenezi, malire amasuntha ndi mamita mazana angapo.